Mwendo wa Amuna Anga Sunadikire Amalume

Inu owerenga, ine ndine mayi wachikulire tsopano, ndipo ndinaleredwa ndi mwambo wakuti nkhani yaikulu ya munthu siigamulidwa abale ake kulibe. Mwambo umenewu ndimaulemekeza kufikira lero. Koma ndinaugwiritsa ntchito pamalo pamene sunayenere, ndipo amuna anga anataya mwendo wonse pamene akanataya zala ziwiri zokha.

Zinachitika m'zaka za m'ma 1990. Tinkakhala kufupi ndi Chalimbana, pamalo a makolo anga. Amuna anga, atate a Misozi, kwawo kunali ku Katete, ndipo ankalima tomato ndi repu kudimba. Anali atakhala ndi matenda a shuga kwa nthawi yaitali, moti mapazi awo anali atayamba kuchita dzanzi. M'nyengo yozizira ankakonda kuwotha mbaula m'mawa asanapite kukathirira, mapazi atawayandikiza kumakala. Tsiku lina ndinaona thuza lalikulu pachala cha phazi lawo lamanzere. Iwo kutenthako sanakumve n'komwe. Anangoseka nati phazi la mlimi ndi chikumba cha ng'ombe, n'kuvala majombo awo n'kumapita.

Thuza lija linaphulika, ndipo chilonda sichinapole. Ndinkachitsuka ndi madzi amchere, koma chala chinayamba kuda, chinzake chapafupi n'kutsatira. Kukiliniki ku Chongwe anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Lusaka. Kumeneko dokotala anatifotokozera mosabisa: magazi sankafikanso kuzalazo, mnofu unali utafa, ndipo kuolako kunali kukwera. Anati zala ziwirizo zikadulidwa msanga, phazi likhoza kupulumuka.

Amuna anga anatembenukira kwa ine. "Amake Misozi, inu Chizungu mwachimva chonse. Niuzeni, nivomere?"

Inu owerenga, ndinalidi nditamva mawu onse, pakuti ndinafika kusekondale. Sindinganame kuti sindinamvetse. Koma pamaso panga panabwera msuweni wanga wa ku Bundabunda. Iye anavomereza yekha kuti amuna ake achitidwe opareshoni, ndipo atamwalira, abale a mwamunayo anati ndiye wawapha. Anamulanda ng'ombe, pulawo, ngakhale zofunda. Nanga ine, amene ndinali kale ndi mlandu wokokera mwana wa eni kumudzi kwathu? Ndinayankha kuti thupi lawo linali ndi eni ake, choncho tiyembekezere amalume awo, amene anali mutu wa banja lawo ku Katete. Amuna anga anagwedeza mutu kuvomereza, chifukwa ankandikhulupirira. Dokotala anatichenjeza kuti chilonda chotere sichiyembekezera munthu. Tinamuthokoza mwaulemu, tinalandira mankhwala, n'kubwerera kumudzi.

Uthenga tinaupatsa mayi wina wogula mtedza amene ankakwera basi ya kum'mawa. Sitinadziwe kuti amalume anali atapita kumaliro kumudzi wina wakutali, ndipo uthengawo unangowadikira pakhomo.

Masiku amenewo sindifuna kuwakumbukira. M'mawa uliwonse ndinkamasula nsalu yomanga chilondacho ndikupemphera kuti kudako kukhale pamene ndinakusiya dzulo. Sikunkakhala pomwepo. Kunadutsa zala, kunafika pakati pa phazi, kenaka pakakolo panatupa. Ndinkasesa m'nyumba kawirikawiri ndi kuthamangitsa ntchentche, ngati kuti fungolo linkachokera pansi. Ndikamva kulira kwa basi kumsewu waukulu, ndinkatuluka kukaima pachulu kuyang'ana ngati pali nkhalamba yonyamula chikwama. Tomato anapsa kudimba n'kuolera m'mitengo.

Mwana wathu Misozi, amene anali kale pabanja, anandikokera kuseli kwa nkhokwe. "Amama, phazi la atate lanunkha. Muyembekeza amalume kuti abwere kuona odwala, kapena kumaliro?" Ndinamudzudzula kuti mwana salankhula choncho za akulu. Mumtima ndinkadziwa kuti akunena zoona, koma ndinali nditanena kale kuti tidikire, ndipo ndinkaganiza kuti mawa afika.

Kenaka thupi la amuna anga linatentha kwambiri. Anayamba kubwebweta, n'kumaitana amayi awo amene anamwalira kalekale. Tinapempha mwini galimoto yonyamula masamba kuti atifikitse ku Lusaka. Dokotala yemwe uja atamasula nsalu sanandikalipire. Anangonena kuti nkhani ya zala yatha, ya phazi yathanso. Chotsala n'kupulumutsa moyo, ndipo mwendo uyenera kudulidwa pamwamba pa bondo tsiku lomwelo. Amuna anga sankatha kuyankha. Dokotala anafunsa ine. Choncho chinthu chimene ndinachithawa chili chaching'ono ndinachivomereza ndekha chitakula, popanda wachibale wawo ndi mmodzi yemwe.

Amalume anafika opareshoni itachitika kale. Analowa m'wodi, naima nthawi yaitali akuyang'ana bulangeti limene linagona bata pamalo pamene panayenera kukhala mwendo. Titatuluka panja ndinagwada kuti ndiwafotokozere chifukwa chimene tinachedwera, ndikuyembekezera mlandu. Iwo anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Apongozi, nyamukani," anatero. "Ine nine mlimi wa mtedza. Nikanabwera nikanati chiyani choposa dokotala? Mukanadula zalazo, ine n'kuniuza pambuyo."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa chipongwe chilichonse. Ndipo musaganize kuti kudikirako kunanditeteza. Alongo a amuna anga ananenabe kwa zaka zambiri kuti ndinadulitsa mbale wawo. Miseche imene ndinkaiopa inabwera ndithu, ndipo mwendo sunabwerere.

Amuna anga anachira, nakhala nafe zaka zina akuyendera ndodo, koma kudimba sanatsikenso. Sanandinene ngakhale kamodzi. Ankakhala pakhonde n'kumandifunsa ngati mbande zaphuka.

Inu amene muli ndi wodwala shuga pakhomo, yang'anani mapazi ake tsiku ndi tsiku, pansi ndi pakati pa zala, chifukwa mwini wake sangamve. Musamulole kuyandikiza mapazi kumoto. Chilonda chikada kapena kununkha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo madokotala akanena za kudula, funsani mafunso onse amene muli nawo, tumizani uthenga kwa abale, koma musaimitse chithandizo poyembekezera yankho. Mwini thupi akakufunsani maganizo, muuzeni zimene mwamva, osati zimene mukuopa.

Majombo aja akadali m'nyumba mwanga. Yakumanja inatha chidendene, pakuti ankaivala nthawi yamvula. Yakumanzere ikadali yolimba ngati tsiku limene anaivula.