Mapu a pa Katoni

Lero pomata mwendo wa mpando, fungo la guluu landibwezera ku Woodbridge, m'kanyumba kathu ka pamwamba kaja.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, maso anga atangosiya kuona. Loweruka lina amayi anadula katoni, n'kumatapo ulusi, nyemba ndi batani kuti andipangire mapu. Anandigwira chala n'kuyamba kuchiyendetsa.

"Nyemba iyi ndi chitseko chathu. Ulusiwu ndi masitepe ndi kanjira. Batanili ndi pamene umakwerera basi ya sukulu."

Ndinatsatira ulusiwo pang'onopang'ono, guluu wosauma akundikakamira kuchala. Panali patatha miyezi itatu ndisanatuluke ndekha. Koma pa batanipo ulusi unathera pomwepo.

"Nanga paki ili pati, amayi? Kuja amasewera anzanga?"

"Malo anachepa, mwana wanga."

Ndinapapasa kutsogolo kwa batani. Katoni inali yosalala, yopanda kanthu, moti zikhatho zanga zonse ziwiri zinakwanapo.

"Malo si awa?"

Amayi anapumira m'mwamba. "Pakatipo pali msewu waukulu, ndipo magalimoto a kuno sayima. Ukakula ndidzaikapo."

Anavala jekete, chifukwa nthawi yoti akasamalire agogo ena ku Bethesda inali itakwana. Ndinamva kiyi akutembenuka kawiri kunja.

Ndinakhala pansi pa zenera, katoni ili pamiyendo. Kutsidya kwa msewu mpira unkadunda pa simenti. Mnzanga wina anaitana dzina langa katatu, kenako anasiya, masewera n'kupitirira.