Mayi wa Wakuba

Mayi Imelda anabadwira kwa Chiosya, m'banja la alimi a fodya. Adakali mtsikana anatengedwa chitengwa ndi mwamuna wa m'mudzi wina kufupi ndi Guilleme. Mwamunayo anawoloka malire kukasaka ganyu ku Chipata ndipo sanabwererenso. Anawasiyira mwana mmodzi, Davie, ndi nyumba yosamaliza kuzira. Pa tchalitchi chawo chaching'ono cha kumudzi, ndiwo ankayambitsa nyimbo m'kwaya, ndipo pamaliro aliwonse a mu mphakati ankafika oyamba.

Davie anakula wosagwirizana ndi khasu. Anayamba kabaza, kenaka n'kumawolotsa katundu wa anthu m'njira zam'tchire. Anzake atsopano mayi ake sankawadziwa ngakhale mayina. Tsiku lina mvula yoyamba itangogwa, anamugwira pamsika akukankha njinga yamoto ya eni ake. Pomwe apolisi amafika, khamu linali litathana naye kale.

Uthenga unawapeza Mayi Imelda kumunda akudzala. Anaika khasu pansi, n'kusamba m'manja, n'kunyamuka. Kuchipatala sanalire, kumandanso ayi. Kwaya sinayimbe, poti Davie anali atasiya kale kupemphera, ndipo ena ankanong'onezana kuti wakuba sayimbiridwa. Iwo anamva ndithu, koma mawuwo anangowadutsa.

Dzinja lonse anapalira, anabandira, ankadya chakudya chikaikidwa patsogolo pawo. Lamulungu ankakhala pa benchi la kumbuyo, pakamwa pali chete. Mng'ono wawo Esnart anabwera kudzakhala nawo.

"Achemwali, lirani basi. Mudwala nazotu izi."

"Ndilire chiyani? Sindikumva kanthu ine."

Lachisanu Loyera achinyamata anachita sewero la Njira ya Mtanda. Anayambira pabwalo la mpira, kudutsa m'minda ya chimanga chouma, mpaka pa kachulu kuseri kwa tchalitchi pomwe anali atazika mitanda itatu ya bulugamu. Mayi Imelda anatsatira chifukwa Esnart anawagwira dzanja. Ankagwada ena akagwada, n'kudzuka ena akadzuka.

Atapachikidwa atatuwo, a Lonjezo, akatekisiti, anaimitsa sewero n'kuloza wa kudzanja lamanja.

"Muoneni uyu. Anali chigawenga, ndipo mlandu wake anauvomera yekha. Zomwe anaba sanabweze. Nthawi yokonza moyo wake analibe, manja anali omangidwa. Anangotembenuza mutu n'kupempha Ambuye kuti amukumbukire. Ndipo anamulandira tsiku lomwelo, osati chifukwa anali woyenera ayi."

Amayi ena anapukuta misozi. Mayi Imelda anangoyang'ana mapazi a mnyamata wopachikidwayo, afumbi, ong'ambika zidendene. M'mutu mwawo munatsala funso limodzi lokha: uja anapeza mpata woyankhula, nanga Davie?

M'mawa mwake anapita kumsika, komwe anali asanapondeko chichitikireni ngoziyo. Anthu anawalozera golosale ya a Ismael, yomwe inayang'anizana ndi malo amene mwana wawo anagwera.

"Ndine mayi wake wa mnyamata anaphedwa apa uja."

A Ismael anasiya kupima shuga, n'kutuluka, n'kuwaikira mpando pakhonde.

"Ndinalipo, mayi. Ndinakuwa kuti amusiye, koma anthu anali ambiri."

"Sindinabwerere zimenezo. Ndikufuna kudziwa ngati anayankhula."

Bamboyo anawafotokozera.

"Anthu atabalalika anali akupumabe. Anapempha madzi. Mkazi wanga, Zuwena, anabwera nawo m'kapu, ine ndinamudzutsa mutu."

"Kenaka?"

"Milomo inkagwedera ngati akunena zinazake. Ndinayandikiza khutu, koma sindinamve."

"Sanatchule Yesu? Kapena kupepesa?"

"Ndikanakonda kukuuzani kuti anatero, koma ndikhala ndikukunamizani. Sindinamve, mayi. Amene anamva ndi Mulungu yekha."

Mayi Imelda anagwedeza mutu. Anayang'ana pamalo paja. Mayi wina anali atayalapo thumba akugulitsa tomato, ndipo ogula ankapondaponda mosadziwa kanthu. Mayi Imelda anadikira kuti mwina mumtima muwawa, kapena mupepuka. Sipanachitike chilichonse.

Zuwena anawabweretsera tiyi ndi mandasi. Anamwa pang'onopang'ono mpaka kumaliza, n'kuthokoza, n'kutsanzika.

Pobwerera anakumana ndi a Lonjezo ali panjinga, akupita kukakonzekera mapemphero a Pasaka. Mayi Imelda anawafotokozera zonse, n'kufunsa ngati milomo yogwedera yokha ingakwanire.

"Sindikudziwa zomwe ananena, mayi," anatero a Lonjezo. "Ndikungodziwa kuti amene ankamumvetsera ndi yemwe uja anamvetsera wa pamtanda."

"Chabwino," anayankha motero, n'kupitiriza ulendo.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Esnart anali pakhonde akusankha nyemba, ndipo atawaona anaika lichero pansi.

"Munali kuti tsiku lonseli? Mwamva zotani?"

Mayi Imelda anakhala pansi, n'kuvula patapata, n'kukokera lichero lija kwa iwo.

"Akuti anamwa madzi," anatero.