Kabotolo kolembedwa dzina la mwana wanga

Ine ndinabadwira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo ndinakula ndikudziwa kuti chinthu chaulere chimabwera ndi mchira wake. Tsono chaka chimene aphunzitsi analengeza pa matirikula, nthawi yolembetsa ana sukulu, kuti mwana aliyense ayambe wakapimidwa kuposito, kachipatala ka m'dera lathu, asanalowe m'kalasi, mtima wanga sunakhale pansi. Wodwala ndani kuti tikapimitse?

Mwana wanga wachisamba anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankakodza zofiira, monga anyamata ambiri a kugombe la nyanja ya Chiuta, ndipo ife tinkati ndiko kukula kwa mwamuna. Palibe ankadabwa nazo.

Kuposito tinapeza anamwino aamuna, a nkhope yachilendo. Anatigawira timabotolo, kalikonse kolembedwa dzina la mwana. Dzinalo ndilo linandiimitsa mutu. Kwathu mkodzo wa munthu sitisiya poyera, chifukwa woipa mtima akautenga amatha kumanga nawo mwana kuti asadzabereke. Nanga uwu, wa dzina lomwe, ukupita kuti? Ndinafunsa.

"Tingouyang'ana, mayi, kenako titaya," anatero anamwinowo.

Kuyankha msanga kumeneko sikunandikomere. Ndinapita naye mwana kuseri kwa chimbudzi, ndinataya zofiira zakezo, ndinatsuka kabotolo, n'kuthiramo zanga. Ndinati ngati akufuna kumanga munthu amange ine, ndabereka kale anayi. Mwanayo ndinamutsina khutu kuti za magazi asadzauze aliyense wa kuchipatala.

Anamwino anakweza kabotolo padzuwa, anaviikamo kapepala, n'kumwetulira.

"Mwana wanu alibe likodzo. Mumamuletsa kusambira?"

Ndinangoti eya. Anzake anapatsidwa mapiritsi akuluakulu, ena anachita chizungulire, ena kusanza. Ine ndinayenda m'mudzi mapewa m'mwamba, ndikuuza anzanga poyanika nsomba kuti mwaonatu, si ndinanena.

Pofika nyengo yokolola, mwana anayamba kuodzera m'kalasi. Zikhatho zinayera mbee, ndipo pokodza ankaluma mlomo. Ndinakayikira mayi woyandikana naye nyumba amene tinakangana pa nkhani ya nkhuku, mpaka ndinaleka kumupatsa moni. Ndinakayikira aphunzitsi. Ndinakayikira ngakhale chitsime. Munthu mmodzi yekha amene sindinamukayikire ndi ine.

Tsiku limene analephera kudzuka pamphasa, bambo ake anamukweza panjinga, ine ndikutsatira wapansi. Tinapeza anamwino omwe aja. Anatsegula kabuku ka mwana n'kuwerenga zimene analemba okha.

"Likodzo tinapima, mulibe. Tione malungo."

Malungo sanapezeke. Anamwino anakanda kumutu, anamutsegula chikope, kenako anagwada kuti alingane naye.

"Iwe, pokodza umaona magazi?"

Mwana wanga anatembenuka n'kundiyang'ana ine. Milomo ili gwa, maso atalowa, koma anakumbukira zimene ndinamuuza kuseri kwa chimbudzi.

"Ayi," anatero.

Manyazi ndi mantha zinandigwira pamodzi. Amati samva adamva nkhwangwa ili m'mutu, koma nkhwangwa yanga inali pamutu pa mwana.

"Mkodzo uja unali wanga," ndinatero.

Bambo ake anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Anamwino sanakalipe, ndipo chimenecho chinandiwawa kuposa kutukwanidwa. Anangotenga kabotolo kena n'kulembapo dzina lomwe lija.

Likodzo linapezeka. Mwana anachira, koma chaka chinatayika. Anabwereza kalasi, n'kumakhala ndi ana omulekeza m'mapewa, anzake atapita patsogolo.

Sindinama, kukayikira sikunandithere. Mpaka lero ndikapita nawo ana kukapimitsa, ndimaima pakhomo kuti ndione ndi maso anga anamwino akutaya mkodzowo m'chimbudzi, iwo n'kumandiseka kuti apolisi afika. Koma chaka sindidumphitsa.

Januwale wotsatira uja, tili pamzere, mwana wanga analandira kabotolo kake. Sanapite msanga kuseri. Anandikoka chitenje kuti ndiwerame, n'kundinong'oneza, mwaulemu ndithu, osati monyoza:

"Amayi, chaka chino ndipereke wanga, kapena muthiranso wanu?"