Kanyale ka m'galimoto ya a Ottmar

A Ottmar Riedl anagwira ntchito ya mawaya a magetsi zaka makumi anayi, ndiye wina asayerekeze kunena kuti sadziwa waya. Koma kanyale kachikasu kochenjeza za injini kanawazunguza mutu miyezi itatu. Lolemba lililonse kayaka. Atsegula boneti, apeza waya wachekeka, alumikiza, amata tepi, kazima. Lolemba linalo, kayakanso!

Chimwalirire akazi awo ankakhala okha kumtunda kwa tauni ya Zwiesel, kumene basi imadutsa kawiri patsiku. Mwana wawo Gerlinde anali atanena kale pafoni ali ku Passau: "Bambo, galimotoyo ikalephera poyezedwa mwezi wamawa, mukubwera kuno kunyumba ya okalamba." Ndipo oyeza galimoto aja akangoona kanyale kayaka, safunsanso zambiri.

Ulendo wawo unali umodzi wokha. Loweruka lililonse ankapita kuseri kwa phiri kwa Wastl, mnzawo yekhayo wotsala. Ankasewera makadi, kudya soseji ndi buledi wakuda, kunyozana, n'kugona komweko poti maso sankaonanso msewu kukada.

Atatopa anapita nayo galimotoyo kugalaja ya Burgl. Mayiyo anangounika ndi tochi n'kuseka.

"A Riedl, mawayawa si otha. Awa ndi mano. Ndi marda ameneyu."

Kanyama kaubweya konga likongwe kaja, kokonda kubisala mu injini yofunda.

"Marda wake uti? Si uwo ubweya wa galu ndinamangirira m'sokosi kuti tinyama tiziopa!"

"Ubweya wanuwo akuyesa pilo. Galimotoyi imagona kwina?"

"Loweruka lokha, kwa Wastl."

"Ndi pamenepotu. Wa kwa a Wastl amasiyamo fungo lake. Mukabwerera, wa kwanu amva fungo la mdani, basi aluma chilichonse. Musagonekonso mpaka muyezetse."

Masabata atatu sanapiteko. Chifukwa chenicheni sananene. Mmisiri wa magetsi wathunthu n'kuvomera kuti wagonja kwa kanyama? Pafoni anangoti atanganidwa.

"Watanganidwa ndi chiyani iwe, kuwerenga ntchentche?" anakuwa Wastl. "Ukuopa kuluza basi!"

"Kuluza kwa iwe? Munthu wosaona ndi makadi ako omwe!"

Sabata yachitatu foni inangoitana, osayankhidwa. A Ottmar anati mdalayo wakwiya, adzamunyengerera ndi mowa.

Galimoto inakhoza poyezedwa. Kanyale kali zii. Anagula mabotolo anayi ndi soseji, anadutsa phiri lija akuimba mluzu. Kwa Wastl anapeza makatani otseka, maluwa a pazenera atafota. Anagogoda kutsogolo, anagogoda kuseri. Mayi wa nyumba yoyandikana anatuluka akupukuta m'manja.

"A Riedl, simunamve? Anagwa m'khitchini Lachisanu lapitalo, anathyoka chiuno. Tinawapeza Lolemba."

"Masiku atatu pansi? Inuyo munali kuti?"

"Ifetu timadziwa kuti Loweruka mumabwera inu, ndiye sitigogoda. Ana awo awatengera ku Regensburg. Kuno sabwereranso."

A Ottmar anapempha dzina la nyumba ya okalambayo n'kulilemba padzanja. Ku Regensburg ndi kutali, ndipo msewu waukulu wopita kumeneko, wa malole othamanga uja, anasiya kuyendamo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anakhala m'galimoto nthawi yaitali, manja ali pachiwongolero, kenako analiza injini n'kulunjika kumsewu waukuluwo.