Kaseti ya ku Lirangwe ndi Mabatire Otha

Masiku a chipani chimodzi m'dziko muno munalibe kanema wa m'nyumba. Tinali ndi wailesi basi, ndipo Loweruka lililonse masana kunkabwera sewero la banja la telala wina wa m'tauni, limene anthu ankalitsatira ngati nkhani ya abale awo. Lisanayambe pankamveka kanyimbo kakafupi, likatha kankamvekanso. Oyamba kuimba kanyimboko anali amayi a kwaya ya mpingo wathu kuno ku Chileka, ndipo akazi anga anali mmodzi mwa iwo. Galimoto inabwera kudzawatenga, anakaimba m'tauni, nabwerako atatopa koma akuseka.

Akazi anga anali ndi mawu apansi, olemera, ndipo anali ndi chizolowezi chimodzi chimene aphunzitsi a kwaya analephera kuwaletsa: anzawo akamaliza nyimbo, iwo ankatsalira pang'ono, akukokabe liwu lomaliza. Ojambula aja sanachotse. Choncho Loweruka lililonse dziko lonse linkamva mayi wa kunyumba kwanga ali yekha kwa kamphindi. Sindinkauza anthu, koma ndinkayenda mosiyana tsiku limenelo.

Mulungu anawatenga akazi angawo pamene mwana wathu wamkazi anali ndi zaka zitatu. Patapita nthawi, a wailesi anasintha kanyimboko, nayika koimbidwa ndi anyamata a magitala. Ine ndinalibe chojambulira mawu, ndipo sindinaganizepo kuti chinthu chomveka sabata ndi sabata chingadzasowe. Kupita ku ofesi yawo kukafunsa sindinayese. Nthawi imeneyo munthu wamba sankagogoda pa zitseko zotere ndi mafunso.

Ndinayamba kufunafuna mwa anthu. Ndinkagwira ntchito yonyamula katundu pa bwalo la ndege, ndipo pamenepo pamadutsa anthu ambiri. Dalaivala wina anandipatsa chimbale cha galamafoni chokhala ndi kanyimbo ka magitala kaja. Aphunzitsi a ku Madziabango anandikopera kaseti ya kena, koimbidwa ndi akodiyoni, kamene kanakhala pa wailesi nyengo yochepa. Kenako ndinapeza ka magitala kachiwiri, kofanana ndi koyamba koma ng'oma yake yolowa mochedwa. Zonse ndinkasunga m'chitini cha mabisiketi, chilichonse ndi kapepala kake. Ndinagula wailesi ya kaseti, ndipo Lamulungu ndikaweruka kutchalitchi ndinkaziika imodzi imodzi n'kumayerekeza. Ndinafika podziwa mtundu uliwonse pongomva kuyamba kwake. Anzanga kuntchito akakangana za sewerolo ankati, "Kafunseni abusa a makaseti." Sindinkakwiya. Koma ka amayi kaja sindinakapeze.

Zaka zinapita, mwana wanga anakula, ndipo ukwati wake unayandikira. Tsiku lina akusita zovala anati, "Ababa, anthu amati mayi ankaimba. Ine nkhope ndimaiona pa chithunzi, koma mawu awo sindiwadziwa." Ananena mopepuka, osadandaula. Ine ndinadziwa kuti akapita ku banja lake asanawamve, ndidzakhala nditamumana chinthu chake.

Mnzanga wina anandiuza za bambo wachisilamu wa sitolo ya nsalu ku Lirangwe, amene anabwera ndi wailesi ya kaseti kuchokera ku Joni ena onse asanaione, ndipo ankajambulira mayi awo masewero. Ndinapalasa njinga, khadi la chipani lili m'thumba chifukwa pamsika ankalifunsa. Ndinawapeza akuyeza nsalu, ndipo nditafotokoza anaika nsaluyo pansi.

"Achimwene, mwapalasa kuchokera ku Chileka chifukwa cha nyimbo ya telala? Anzanu amabwera kuno kudzafuna mbewu."

Komabe analowa kuseri, natuluka ndi kaseti yakale yothimbirira. "Tengani, mukamvere kwanu. Mukaitafunitsa mu wailesi yanu, musadzadutsenso pano."

Nditafika kunyumba ndinaika mabatire atsopano, chifukwa ndinkafuna kumva bwinobwino. Kanyimbo kanayamba. Kanali kopanda magitala, inde, koma mawu ake anali ang'onoang'ono, othamanga, ngati a ana a sukulu. Ndinamvera kawiri, mtima unagwa. Ndinalemba pa kapepala kuti "mwina ana a sukulu", n'kuika m'chitini. Ndikanaibweza sabata yomweyo, koma ine sindifulumira kutsutsa chinthu, ndipo mawu akuti "mwina" aja anandigwira dzanja.

Panapita masabata atatu. Lamulungu lina masana ndinatulutsanso chitini, mabatire aja atafooka kale ndi nkhani ndi mapemphero a pa wailesi. Chimbale ndinachisiya, poti chimafuna galamafoni. Ndinaika kaseti ya akodiyoni, ndipo inkalira mokoka ngati ng'ombe yodwala. Ndinati ndisiye, koma ndinaikamo ya ku Lirangwe ija kuti ndiitsanzike. Ana a sukulu aja panalibe. Mawu anatsika, nyimbo inayenda pa liwiro lake lenileni, ndipo ndinayamba kuzindikira amayi a mpingo wathu mmodzi mmodzi. Pothera, onse atasiya, liwu limodzi lapansi linatsalira.

Ndinazimitsa wailesi msanga kuti mabatire asathe. Ndinagwada pomwepo pa mkeka.

Loweruka ndinabwerera ku Lirangwe. Bambo aja atamva anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Ine kuika mabatire atsopano mu wailesi? Atsopano ndi ogulitsa, achimwene! Ndinkatenga otha a mu tochi, n'kuwayanika padzuwa pa denga, n'kujambulira amenewo. Ndiye mayi anga ankamveranso pa omwewo, sanadandaulepo."

Apa m'pamene zinamveka. Mabatire ofooka ankazungulitsa kaseti pang'onopang'ono pojambula, ndiye ikaikidwa pa amphamvu inkathamanga, amayi n'kusanduka ana. Zaka zonsezi ndinkasamala kuti poyerekeza makaseti anga ndiziika mabatire abwino, osadziwa kuti kusamala komweko kukanandibisira chimene ndinkafuna.

Vuto linatsala limodzi. Mabatire otha sakhala pamodzi: lero ali bwino, mawa afa. Bambo aja ndiwo anapeza nzeru. Lamulungu lotsatira anakwera basi ndi wailesi yawo kubwera kwathu. Tinayanika mabatire anga padzuwa pang'ono, kuyesa, kudikira kuti afookenso, mpaka ndinati, "Apa, awa ndiwo mawu awo." Tinayang'anitsa mawailesi awiriwo pa tebulo, yanga ikuimba ndi otha, yawo ikujambula ndi atsopano, amene anawatulutsa m'thumba akudandaula ngati akuchotsa dzino. Ulendo woyamba ndege inadutsa pamwamba pa nyumba n'kumiza zonse.

"Abwana anu awo," anatero. "Auzeni adikire."

Ulendo wachiwiri tambala wa aneba analowerera. Wachitatu zinatheka.

Mwana wanga anali atapita kwa azakhali ake kukakonza za ukwati, ndipo anafika alendo akumwa tiyi. Ndinamuuza kuti akhale pansi. Sindinamufotokozere kanthu, ndinangotsegula. Anamvera, manja ali pa maondo. Liwu lija litatsalira lokha, anandiyang'ana.

"Ndi iwowa?"

"Ndi iwowo, mwanangu."

"Ndiye n'chifukwa chake kukwaya amandikalipira kuti ndimachedwa kumaliza!"

Bambo a ku Lirangwe anaika kapu pansi. "Musadzasiye, mayi. Akakukalipiraninso muziti ndi za kumtundu."

Mwana wanga anapempha kuti ndibwerezebwereze, ndipo ulendo wachitatu anaimba nawo chapansipansi, mpaka pothera anatsala awiri.

Kaseti yatsopanoyo anapita nayo ku banja lake, pamodzi ndi mbale ndi mapoto. Yakale ija mwini wake anakana kuilandira, akuti kwa iwo ndi ya ana a sukulu basi. Ili m'chitini mpaka lero, pambali pa ya akodiyoni ndi za magitala. Kapepala kake ndinasintha, ndinalemba kuti "yoyamba, amayi a mpingo wathu, imveredwe ndi mabatire otha". Ndipo pawindo langa sipasowa mabatire anayi akale, amene alendo amafuna kunditayira, ine n'kumawaletsa.