Nsanza m'Paipi ya a Kangas

M'mawa uliwonse, khofi asanawire, a Reino Kangas ankanyambita kuseri kwa dzanja lawo n'kuyamba kuyenda nalo m'mbali mwa makoma. Ankaliyendetsa pang'onopang'ono m'mphepete mwa zenera, kunsi kwa chitseko, ngakhale polowera mawaya a magetsi. Pakhungu ponyowapo pakangozizira, ankasolola kansanza m'thumba la malaya n'kukakanikizira mumng'alumo ndi mpeni wopakira batala. Akatero ndiye ankakhala pansi kumwa khofi wawo, okhaokha, maso ali kumsewu.

Luso limeneli anawaphunzitsa ndi bambo awo, m'nyumba za ogwira ntchito kumgodi, kuno kumpoto kwa Michigan kumene chipale chimakwirira mpanda mpaka osaoneka. Kwathu kuno mwana amakula akudziwa kuti bowo lililonse lolowetsa mphepo ndi mdani. A Kangas anagwira ntchito yodula mitengo mpaka msana unakana. Akazi awo, a Aili, atamwalira, anatsala ndi nyumba yakale yamatabwa ndi majuzi a malemuwo, amene ankawang'amba limodzilimodzi kuti akhale nsanza. Ife oyandikana nawo tinkati nyumbayo yaima ndi zovala za a Aili. Sitinkalowako. Sanali munthu woipa ayi, koma ukawapatsa moni ankangokweza chibwano.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Darlene, amakhala kutali mumzinda. Chaka chatha anawapeza atavala chikhothi m'nyumba, madzi ataundana m'paipi ya kukhitchini. Iye ndiye anakawalembetsa ku bungwe lokonzera anthu ovutika nyumba kuti zizisunga kutentha. Anyamata a bungwelo anabwera masamba atayamba kuyoyoka. Anayala zotchinga kuzizira kudenga, anamata ming'alu yonse, anakonzanso ng'anjo yagasi yotenthetsera nyumba ya m'chipinda chapansi, n'kupachika pakhoma kachipangizo kochenjeza za mpweya woipa. Pochoka anafotokoza zambirimbiri, ndipo a Kangas, amene makutu anali atayamba kuvuta, ankangovomera ndi mutu. Chinatsala n'chakuti abwere woyendera, kudzaona ngati ntchito yagwirika bwino.

"Adadi, mundimvetse," anatero Darlene pafoni. "Woyenderayo akanena kuti nyumba ili bwino, mukhala. Akapanda kutero ndikubwera kudzakutengani, ndipo sitikangana."

"Kumzinda kwanuko ndikatani? Kuwerenga magalimoto?"

"Masiku ano mukumaiwalaiwala. Dzulo munanditchula dzina la amayi."

A Kangas ankadziwa kuti zinali zoona. Chiyambire kuyatsa ng'anjo chaka chino mutu unkawalemera, ankagona masana pampando, nthawi zina ankaima pakati pa khitchini osadziwa chimene adzera. Sanauze aliyense. Anangolimbikira ntchito ya nsanza, kuti woyenderayo asadzapeze powagwirira.

Woyenderayo anali mayi wamfupi wa nsapato zazikulu, dzina lake Corinne Perreault. Anatsitsa m'galimoto chitseko cha nsalu yofiira chokhala ndi fani wamkulu pakati.

"Mwabwera ndi chitseko chanu?" anatero a Kangas ali pakhonde. "Changachi chalakwa chiyani?"

"Chanucho n'chaulemu kwambiri, bambo. Changachi n'chamiseche, chimaulula zonse za m'nyumba."

Anachikoleka pakhomo n'kuyatsa fani uja. Fani anayamba kukoka mpweya wa m'nyumba kutulutsa kunja, ndipo Corinne ankayenda chipinda ndi chipinda kumvetsera ngati pena pakulowa mphepo. A Kangas ankamutsata m'mbuyo, manja kumsana, ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso.

"Nyumba yanu yatseka ngati botolo," anatero Corinne pozimitsa.

"Mwaona! Muuzeni mwana ujayo choncho."

A Kangas anatulutsa makapu awiri ndi buledi wotsekemera amene anagula dzulo lake chifukwa cha mlendoyu. Kapu yachiwiriyo anayamba aitsuka kaye, inali ndi fumbi.

"Tiyeni tione kaye ng'anjo," anatero Corinne. "Khofi sathawa."

Anatsika onse m'chipinda chapansi. Corinne anayatsa ng'anjo n'kuima pafupi, kachipangizo kachikasu koyezera mpweya kali lende pachifuwa. Sipanapite nthawi, kanayamba kulira. Anakayang'ana, nkhope inasintha. Anatseka gasi msangamsanga, nawalitsa tochi m'makoma mpaka anapeza paipi yaikulu yotulukira kunja, pafupi ndi pansi. Kukamwa kwake kunali kotsekedwa ndi nsalu yobiriwira. Anakoka, kunatuluka mkono wa juzi. Anakokanso, kunatuluka juzi yonse.

"Ichi anaika ndani?"

"Ndine," anatero a Kangas, chifuwa chili patsogolo. "Anyamata anu aja ndi aulesi. Kumata nyumba yonse, n'kusiya chibowo chotere! Mphepo inkalowa ngati pakhomo. Sindinafune kuwaneneza, ndi ana a anthu. Ndinangowamalizira ntchito."

Corinne anayang'ana juziyo, kenako anatembenukira kwa iwo.

"Bambo Kangas, bowo ili sanaliiwale. Analiboola dala. Moto nawonso umapuma. Kale unkapumira m'ming'alu muja, koma tsopano nyumba yamatidwa, mphuno yake yatsala imeneyi. Mukaitseka, utsi sukwera kuchumuni, umabwerera m'nyumba. Ulibe fungo, suoneka, koma umapha. Mutu umakupwetekani?"

"Mutu wa nkhalamba umapweteka basi."

"Nanga kachipangizo kochenjeza kaja anakupachikirani pakhoma, bwanji sikanalire?"

"Kankalira popanda chifukwa. Ndinakachotsa batire."

Corinne anawagwira mkono n'kukwera nawo. Anatsegula zitseko zonse ndi mazenera onse, ngakhale limene linali lisanatsegulidwepo chimwalirire a Aili. Tinsanza tinagwa pansi m'mphepete mwa mazenera. A Kangas anaima pabwalo, chikhothi chili paphewa, akuona makatani awo akuuluka ndi mphepo imene analimbana nayo moyo wawo wonse. Pathebulo khofi uja ankazizira m'makapu onse awiri.

"Ndiye nsanzayo mwachotsa kale," anatero a Kangas. "Nkhani yatha. Yatsani tizipita m'nyumba."

"Sindingathe. Ng'anjoyo yadzaza mwaye, siyaka mpaka amisiri aione. Ndipo inu mukufunika kuchipatala lero lomwe, akakuyezeni magazi."

"Ndiye kuti nyumba yalephera?"

"Lero yalephera."

A Kangas anakhala pamasitepe a khonde. Corinne anakhala pambali pawo, juzi ija ili m'manja, osadziwa poiika.

"Koma mverani," anatero Corinne. "Kuiwala kuja, kugona masana kuja, mwina si ukalamba. Mwina ndi mpweya umenewu. Mukapuma mpweya wabwino mutha kupezanso bwino."

A Kangas anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Ndiye mutu wanga ndi wabwinobwino, wopusa ndine. Mukuganiza kuti Darlene amva chiti? Munthu wotseka mphuno ya moto, n'kuzula batire, angamusiye yekha m'nyumba?"

Corinne sanawanamize. Anangoti usiku ukubwerawu kuzizira kukhala koopsa, sangagone m'nyumba yopanda moto, ndipo ayenera kuimbira mwana wawo. Anatulutsa foni.

A Kangas anayang'ana kumsewu. Kunalibe munthu, kupatula galimoto yokankha chipale imene inadutsa osaima. Ankadziwa kuti akakwera ya Darlene, chipale chidzasungunuka iwo ali kumzinda, ndipo chinanso chidzagwa adakali komweko. Anatambasula dzanja nagwira mkono wa Corinne asanadine nambala.

"Mayi, ndikupempheni kamodzi. Zimene mukanene kuntchito kwanu kaneneni, sindikuletsani. Koma kwa mwana wangayo, muuzeni kuti yalephera ndi nyumba. Musamuuze kuti ndine."