Ngalande Imene Inalira

A Efulemu Maliro amanga nyumba zaka makumi atatu, kuyambira ku Mitundu mpaka ku Nathenje, ndipo levulo yawo yoyezera khoma sabwereka ngakhale m'bale. Mtima wawo ndi wapachala: khoma likangopendekeka amaligwetsa ndi phazi, mwini nyumba ali pomwepo. Bambo awo, amenenso anali mmisiri, anawasiyira lamulo limodzi. Ukakumba maziko, ugone kaye. M'mawa ukapeza ngalande yalira, ndiye kuti yatulutsa yokha madzi, usamangepo.

Lamuloli analiswa kamodzi kokha. A Mbaraka, ogulitsa nsalu pa Nathenje, anagula malo m'mphepete mwa dambo pomwe ambiri ankamanga, ndipo ankafuna kulowa m'nyumba akazi awo asanachire, poti anali oyembekezera. Ngalande inalira. A Efulemu anathiramo miyala n'kumanga osawauza a Mbaraka.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Patapita zaka zinayi, mvula ili pakati, chivomerezi chinagwedeza dera lija m'mawa anthu akusesa. Nthaka ya kudambo inasanduka phala. Mchenga wotuwa unkatumphuka pabwalo pamodzi ndi madzi, zimbudzi zinatitimira, nyumba zambiri zinang'aluka. Ya a Mbaraka inamira mbali imodzi mpaka m'mawindo, yathunthu, yopanda mng'alu ndi umodzi womwe. Chitseko chinakana kutseguka, ndipo ana anawatulutsira padenga.

Anthu ankabwera kudzaiona n'kumatama mmisiri. Kutamako kunkawapweteka a Efulemu kuposa chitonzo.

A Efulemu atapita kukazonda, anapeza banjalo likukhala kuseri kwa sitolo yawo ya nsalu. A Mbaraka anawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Amisiri, khoma lanu ndi limene lasunga ana anga. Zinazo n'za Mulungu. Mvula ikatha mudzandimangirenso pomwepo."

A Efulemu anayang'ana Bushira, mwana amene anabadwira m'nyumba ija, ali ndi bala pamphumi pomwe linamucheka lata. Akanangovomera, dzina lawo likanakhalabe loyera.

"Che Mbaraka, musanamizire Mulungu," anatero. "Ngalande ija inalira ndisanayale njerwa. Ndinaiona ndi maso angawa, n'kuitseka pakamwa ndi miyala."

A Mbaraka anabweza manja awo pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anangonyamula mwana uja n'kulowa naye m'sitolo.

A Efulemu akumangabe, koma pa Nathenje sawaitananso. Akakumba maziko masiku ano, m'mawa amayamba adzutsa mwini nyumba kuti adzasuzumire yekha m'ngalande.